Mlatho wodwala wa ku London

London ndi mzinda waukulu wa dziko la England. Pakati pa mzindawu pamadutsa mtsinje. Dzina la mtsinjewo ndi Thames. Thames ndi wamng'ono pouyerekeza ndi Zambeze, koma munthu sangauoloke ndi miyendo. Madzi ake ndi akuya ndiponso ozizira. Amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, potsatira madzi a m'nyanja yaikulu.

Conco anthu a ku London anamanga milatho yambiri. Umodzi mwa milathoyo ndi mlatho wa Hammersmith. Ndi mlatho wa citsulo, wopakidwa utoto wobiriwira. Tsidya la kumpoto kuli dera la Hammersmith. Tsidya la kumwera kuli dera la Barnes.

Pa 10 Abril 2019 magalimoto onse analetsedwa kuoloka pa mlatho uwu. Caka ca 2025 cinafika, magalimoto asanabwerere. Zaka zonsezo anthu a m'mbali mwa mtsinje anali kupempha kuti mlatho wao ukonzedwe. Zina zimene anapempha zinacitika. Zina sizinacitike.

Mlatho wolendewera

Milatho ina imakhala pa zipilala zambiri zozikidwa m'madzi. Mlatho wa Hammersmith si wotero. Iwo umalendewera.

Mayi akafuna kuyanika zovala amazika mitengo iwiri. Amamanga cingwe kucokera pa mtengo uwu kufika pa mtengo uwo. Kenaka amakoleka zovala pa cingweco. Mlatho wolendewera umamangidwa cimodzimodzi. M'malo mwa mitengo pali nsanja ziwiri zazitali. M'malo mwa cingwe pali maunyolo akuluakulu a citsulo. M'malo mwa zovala pali msewu. Maunyolo amakwera pamwamba pa nsanja, n'kutsikira ku mtunda, kumene anamangiriridwa pansi pa nthaka. Msewu wonse, ndi anthu, ndi mabasi, zimanyamulidwa ndi maunyolowo.

Ana amene anafikako ku mzinda wa Tete anauona kale mlatho wa mtundu uwu. Mlatho wa Samora Machel, umene unatsegulidwa mu 1973, nawonso umalendewera. Wa ku Tete ndi wautali mamita oposa 700. Wa Hammersmith ndi wa mamita pafupifupi 210 basi. Ndi waufupi, koma ndi agogo.

Mlatho woyamba pa malo awa unatsegulidwa mu 1827. Anaukonza ndi katswiri wina, William Tierney Clark. Caka ndi caka pa Thames pamacitika mpikisano wa mabwato. Ophunzira a sukulu ziwiri zaukacenjede, Oxford ndi Cambridge, amapikisana kupalasa. Kale anthu zikwizikwi ankadzaza pa mlathowo kuti aonere. Mabwato akamadutsa pansi, onse ankathamangira mbali imodzi, kenaka mbali ina. Eni mlatho anacita mantha. Anaona kuti tsiku lina udzagwa.

Tsono anaugwetsa, n'kumanga wina pa maziko omwewo. Katswiri wake anali Joseph Bazalgette, yemwenso anamanga ngalande zocotsa madzi oipa mu London. Mlatho watsopanowo unatsegulidwa mu 1887. Ndi womwewo umene ulipo mpaka lero.

Mu 1887 pa mlathowo pankadutsa anthu oyenda pansi ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo.  Koma patapita zaka, akavalo anacoka, magalimoto anabwera. Usanatsekedwe, pankaoloka magalimoto pafupifupi 22,000 pa tsiku limodzi. Agogo anasenzetsedwa katundu wa mnyamata.

Kodi unadwala ciyani?

Citsulo cimaoneka ngati cinthu cosasuntha. Koma citsulo cikatentha cimatalika pang'ono. Cikazizira cimafupika. Maso saona zimenezi pa mpeni kapena pa khasu, cifukwa ndi zazifupi. Koma unyolo wa mlatho ndi wautali kwambiri. Masana umafutukuka, usiku umabwerera.

Amisiri akale ankadziwa zimenezi. Pamene maunyolo amatsikira ku mtunda, anaikapo zipilala 4 zazifupi za citsulo, ziwiri tsidya lino, ziwiri tsidya lija. Pamwamba pa cipilala ciliconse anaikapo timagudumu. Unyolo ukamatalika kapena kufupika unkayenda pa timagudumuto mosavuta. Cipilala cinkangonyamula, osakokedwa.

Kenaka kunabwera mdani. Mdaniyo ndi dzimbiri. Njinga ikakhala pa mvula miyezi yambiri osaithira mafuta, magudumu ake amakana kuzungulira. Timagudumu ta pa mlatho tinacitanso comweco. Tinagwira dzimbiri, tinauma gwa! Unyolo sunathenso kuyenda pamwamba pake. Tsono ukafuna kutalika unkakankha cipilala. Ukafuna kufupika unkakoka cipilala. Kukankha, kukoka, kukankha, kukoka, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka.

Zipilalazo zinapangidwa ndi citsulo cosungunula, cothira m'cikombole. Citsulo ca mtundu uwu ndi colimba ponyamula katundu, koma sicidziwa kupindika. Waya ukaupinda umapindika. Mphika wa dothi ukaupanikiza supindika, umasweka. Citsulo ca m'cikombole cili ngati mphikawo. Cimayamba ndi mng'alu waung'ono. Tsiku lina cikhoza kusweka mwadzidzidzi, osacenjeza munthu.

Mu 2019 akatswiri anapeza ming'alu yotere m'zipilala. Inali yaing'ono kwambiri. Koma cipilala cikasweka, unyolo ugwa. Unyolo ukagwa, msewu ugwera m'madzi pamodzi ndi onse ali pamenepo. Kutseka mlatho tsiku limenelo kunali kwanzeru. Colakwika cinacitika kale, m'zaka zimene dzimbiri linali kudya timagudumu popanda wolicotsa.

Anthu a ku Barnes

Pa malo awa mtsinje wa Thames umakhota ngati uta. Dera la Barnes lili m'kati mwa utawo. Madzi ali kumadzulo, ali kumpoto, alinso kum'mawa. Sitima za pansi pa nthaka, zimene anthu a ku London amakwera kwambiri, sizifika ku Barnes. Siteshoni yake ili tsidya lina, ku Hammersmith. Cipatala cacikulu ca Charing Cross cilinso tsidya lomwelo. Anthu ankakwera basi nambala 33, 72 kapena 209, n'kuoloka m'kanthawi kocepa.

Mlatho utatsekedwa, mabasi anasiya kuoloka. Ambulansi nazo zinasiya. Magalimoto anayamba kuzungulira, kukaolokera pa mlatho wa Chiswick kapena wa Putney. Komabe anthu ankatha kuoloka ndi miyendo kapena pa njinga. Zinali zowawa, koma ankapirira.

Mu Agosto 2020 ku London kunatentha kwambiri masiku angapo otsatizana. Mng'alu umodzi unakula. Pa 13 Agosto mlatho unatsekedwa kotheratu. Woyenda pansi ayi. Wa njinga ayi. Ngakhale mabwato analetsedwa kudutsa pansi pake, kuopa kuti mlatho ungawagwere. Anthu pafupifupi 16,000 amene ankaoloka tsiku lililonse ndi miyendo kapena pa njinga anasowa poolokera.

Mwezi wotsatira sukulu zinatsegulidwa. Ana ambiri amakhala tsidya lino koma amaphunzira tsidya lija. Ena ankaiona sukulu yao ali pa gombe, koma kuti akafikeko anayenera kuzungulira. Ulendo wa mphindi zowerengeka unasanduka wa ola lathunthu kapena kupitirira. Ku England, m'miyezi ya cisanu, dzuwa limalowa ca m'ma 4 koloko madzulo. Ana ena ankabwerera kwao mu mdima, akuyenda m'kanjira ka m'mphepete mwa mtsinje. Makolo anada nkhawa.

Ngakhale mpikisano wa mabwato uja unasamuka. Mu 2021 unacitikira kutali, ku Ely, pa mtsinje wina. Cifukwa cimodzi cinali matenda a Covid-19. Cina cinali mlathowu.

Anthu sanakhale cete

Munthu mmodzi akadandaula, akuluakulu akhoza kunena kuti sanamve. Mutu umodzi susenza denga. Conco anthu a m'deralo anapanga gulu. Analipatsa dzina lakuti Hammersmith Bridge SOS. Zilembo zitatu izi, S, O ndi S, ndi cizindikiro cimene oyenda pa nyanja amatumiza sitima yao ikamamira. Tanthauzo lake ndi kupempha cithandizo mwamsanga.

Kodi gulu lotere limacita ciyani? Silinyamula simenti. Silikwera pa mlatho ndi nyundo, cifukwa nchito imeneyo ndi ya akatswiri. Nchito ya gulu ndi kukumbutsa. Anthu analemba makalata kwa akuluakulu a boma. Analemba pempho, anthu ambiri n'kuika maina ao pansi pake. Anasonkhana pafupi ndi mlatho atanyamula zikwangwani, ana a sukulu ali pomwepo. Analankhula kwa atolankhani a nyuzipepala, a wailesi ndi a wailesi ya kanema. Aliyense anafotokoza vuto lake: uyu sukulu, uyu cipatala, uyu sitolo yake imene ogula anasiya kufikako.

Pa 14 Fevereiro 2021 anacita cinthu cimene cinamveka kutali. Limeneli ndi tsiku limene anthu a kumeneko amapatsana makadi a cikondi, okhala ndi mitima yofiira. Gululo linawalitsa mlatho ndi nyali zofiira usiku. Pa nsanja panaoneka mau owala. Mauwo ankanena za mitima yosweka, malonjezo osweka ndi mlatho wosweka. Mlatho wobiriwira unasanduka kalata yaikulu yopita kwa akuluakulu. Zithunzi zake zinatuluka m'manyuzipepala. Palibe amene anamenyedwa, palibe cimene cinaonongeka, koma dziko lonse linaona.

Aphungu a ku nyumba ya malamulo nawo analankhula. Awiri mwa iwo ndi amayi. Sarah Olney anasankhidwa ndi anthu a dera la Richmond Park, mmene muli Barnes. Fleur Anderson anasankhidwa ndi anthu a ku Putney. Ku Putney mlatho wao uli bwino, koma anthu ambiri kumeneko ankadandaula kuti magalimoto ozungulira adzaza misewu yao, ndipo mabasi akuyenda ngati kamba. Amayi awiriwa anafunsa nduna za boma mobwerezabwereza kuti mlatho udzakonzedwa liti.

Alipire ndani?

Apa ndi pamene nkhani inavuta. Akatswiri ankadziwa matenda a mlatho. Ankadziwanso mankhwala ake. Cimene cinasowa ndi wolipira.

Mwini wa mlathowu ndi khonsolo ya Hammersmith and Fulham. Khonsolo ndi boma laling'ono loyang'anira dera limodzi la mzinda. Imacotsa zinyalala, imasamala okalamba, imakonza timisewu. Khonsoloyo inati ilibe ndalama zoculuka conco, ndipo ambiri oolokapo si anthu a m'dera lake. Palinso bungwe la Transport for London, loyendetsa mabasi ndi sitima za mumzinda. Bungweli linatha ndalama m'nthawi ya Covid-19, pamene anthu anasiya kukwera. Lacitatu ndi boma lalikulu la dziko lonse. Boma linati mlatho uli ndi mwini wake, mwiniyo asathawe udindo.

Pali cinthu cinanso. Anthu a ku Barnes, amene anavutika koposa, sali pansi pa khonsolo ya Hammersmith and Fulham. Iwo ali pansi pa khonsolo ina, ya Richmond upon Thames. Pa cisankho saponya voti ku khonsolo imene ili mwini mlatho. Ovutika ali tsidya lino, mwini mlatho ali tsidya lija.

Mwana akhoza kufunsa kuti, bwanji osaugwetsa n'kumanga wina? Funso limeneli ndi labwino, ndipo akuluakulu ena analifunsanso. Koma ku England kuli lamulo loteteza nyumba ndi milatho yakale yofunika. Mlatho wa Hammersmith uli m'kaundula wa zotetezedwa. Sungagwetsedwe wamba. Uyenera kukonzedwa mosamala, citsulo cimodzicimodzi, kuti uoneke monga unkaonekera kale. Nchito yotere imadya ndalama zambiri. Mu 2019 ankati idzadya mapaundi mamiliyoni 120. Mu 2024 ankati mamiliyoni 250. Pamene akuluakulu anali kukankhirana, mtengo unakwera kawiri.

Mu Setembro 2020 boma linakhazikitsa komiti yoti mbali zonse zizikumana. Anaganizanso zobweretsa bwato looloketsa anthu. Kampani yoyendetsa bwatolo inasankhidwa, koma bwatolo silinayambe nchito. Mu 2021 boma linanena kuti ndalama zigawidwe patatu: gawo limodzi boma, lina Transport for London, lina khonsolo. Khonsolo inati gawo lake ikhoza kulipeza ngati oyendetsa magalimoto atamalipira poolokapo. Akatswiri a makampani awiri, Foster + Partners ndi COWI, anajambula njira ina yocenjera. Anati m'kati mwa mlatho wakale muikidwe kamlatho kongoyembekezera, kosanjikiza. Magalimoto aziyenda pamwamba, anthu pansi, uku amisiri akucotsa zitsulo zakale kukazikonza kwina. Pofika 2025 kamlathoko kanali kakadali pa pepala.

Zipata zitseguka

Pa 17 Julho 2021 zipata zinatsegulidwa kwa oyenda pansi ndi a njinga. Mabwato analoledwanso kudutsa. Panali patapita miyezi 11. Akatswiri anali atapimanso ming'alu ija. Anaika tizipangizo tomvetsera mlatho usana ndi usiku, kuti mng'alu ukayamba kukula adziwe nthawi yomweyo. Anaikanso makina osunga maunyolo kuti asatenthe kwambiri ndiponso asazizire kwambiri. Ana a sukulu anaolokanso ndi miyendo yao. Ici ndi cinthu cacikulu cimene anthu aja anapempha, ndipo cinatheka.

Mu Julho 2022 kutentha kunabweranso. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri yolembedwa, ku England kunatentha kufika madigiri 40. Mwana wa ku Tete akhoza kuseka, pakuti kwao kutentha kotere si nkhani. Koma mlatho wodwala uja sukanapirira. Amisiri anakulunga maunyolo ndi mapepala onyezimira ngati siliva, obweza dzuwa. Usiku makina ankawaziziritsa. Mlatho unakhala ngati wodwala malungo amene aikidwa nsalu yonyowa pamphumi. Sunatsekedwe.

Caka comweco nchito yolimbitsa zipilala inayamba. Zipilala zija zinali ndi mphako m'kati. Amisiri anathiramo konkire kuti zisasweke. Anaika mafelemu a citsulo catsopano. Anatukula maunyolo pang'ono ndi majeke, monga amatukulira galimoto posintha tayala. Anacotsa timagudumu ta dzimbiri tija, n'kuikapo zokhalira za mphira. Mphira siugwira dzimbiri, ndipo umalola unyolo kusuntha. Kenaka anakonza msewu wa pamwamba. Mu Abril 2025 msewu wa pakati unatsegulidwa kwa a njinga ndi oyenda pansi.

Nchito imeneyi inaletsa mlatho kugwa. Koma sinaupatse mphamvu zonyamulanso mabasi. Nchito yaikuluyo, ya mamiliyoni 250 ija, inali isanayambe. Komiti ya boma ija inakhala zaka zitatu osakumana. Inakumananso mu Janeiro 2025.

Si onse afuna zofanana

Magalimoto atacoka, anthu ena anaukonda mlathowo koposa kale. Palibe utsi. Palibe phokoso. Mwana akhoza kupalasa kanjinga kake pakati pa msewu popanda mantha. Munthu akhoza kuima n'kumaonera mbalame za m'madzi. Anthu awa anati ndalama zambiri conco zisatayidwe pobweza magalimoto. Ena anaganiza zoika timagalimoto tating'ono ta magetsi, topepuka, tonyamula okhawo amene sangathe kuyenda.

Mau ao ali ndi nzeru. Koma mlatho wa miyendo ndi njinga umakomera amene ali ndi miyendo yamphamvu. Agogo oyenda ndi ndodo sapalasa njinga. Munthu wolumala, mayi wonyamula khanda ndi katundu, wodwala wopita ku cipatala ca Charing Cross, onsewa ankadalira basi. Kwa iwo mamita 210 pa mvula ndi mphepo yozizira ndi mtunda wautali. Ambulansi nayo siingasiye wodwala pa gombe kuti aoloke yekha. Ndiye cifukwa cake ambiri mwa opempha sanasiye, ngakhale ana anali atayamba kale kuoloka. Ena ankati, ngati magalimoto onse sangabwerere, abwerere mabasi ndi ambulansi.

Mu 2025 mabasi a ku Barnes ankafika pafupi ndi mlatho, n'kuima. Anthu ankatsika, n'kuoloka ndi miyendo pakati pa nsanja ziwiri zobiriwira zija. Amene sakanatha kuyenda ankadikira basi nambala 533, yozungulira pa mlatho wa Chiswick. Mabasi enawo ankatembenuka pomwepo, n'kubwerera kumene anacokera.